Masiku Atatu Amene Ndinakana Kulipira

Kumunsi kwa nyumba yanga, pomwe njira imatsetsereka kulowera ku Chikale, kumakhala bambo wina amene kale ankadyetsa banja lake ndi chifuwa chake. Bwato analibe, ukonde analibe. Ntchito yake inali kumira. Ukonde wa munthu ukakodwa m'miyala pansi pa nyanja, eni ake ankathamangira iye. Ankatsika ndi mpweya wa m'mapapo mwake mokha, n'kukauwonjola osaung'amba. Asodzi ankati ukamamudikira m'bwato umafika poyamba kupemphera, kenako n'kumuona watulukira uku akuseka. Lero samiranso, ndipo amene ndinachititsa ndine. Zinayamba ndi mkangano wanga ndi pulambala pa nkhani ya mtengo.

Ndine mphunzitsi wa pulayimale. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ku Nkhata Bay ndinabwera ndi ukwati. Amuna anga atamwalira anandisiyira nyumba pamwamba pa chitunda, komanso mayi awo, amene anadwala sitiroko n'kufa mbali imodzi. M'nyumbamo muli chimbudzi chamadzi. Malemu ankachinyadira kwambiri, moti mlendo asanamwe n'komwe tiyi ankayamba amuonetsa kaye. Ine ndinkawaseka, koma apongozi atadwala ndinathokoza, chifukwa chimbudzi chokumba chili kumunsi kwenikweni, ndipo njira yake ngakhale wamiyendo yabwino amatsika atagwira udzu.

Chaka chimenecho, mvula ili pakati, chimbudzicho chinayamba kubweza. Ukathira madzi, m'malo mopita ankakwera. Kuseri kwa nyumba, pa thanki ya simenti yomwe zonyansa zimakathera, panayamba kudikha madzi akuda, fungo lake lofika mpaka kukhitchini. Ndinatseka chitseko cha chimbudzi n'kuwapatsa apongozi ndowa. Sabata yoyamba anapirira. Yachiwiri ndinaona kuti akusiya chakudya m'mbale. Ankati sakumva njala, koma ndinadziwa kuti akuchita manyazi kuti mpongozi wawo azinyamula ndowa yawo m'mawa uliwonse asanapite kusukulu. Mayi wachikulire anasankha kugona ndi njala, ndipo zinandiwawa.

Ndinaitana pulambala amene aliyense amamutchula m'tauni muno, bambo wa ku Mzuzu amene amakonzanso mipope m'maloji. Anasiya njinga yake yamoto kumsewu n'kukwera wapansi, akuyang'ana nsapato zake kuti zisadetsedwe. Ndinadana naye ndisanamve n'komwe mawu ake. Anakanganula chivundikiro cha thanki ndi chitsulo, anabwerera m'mbuyo, kenako anapisa nsungwi yaitali. Anati paipi yotulutsa madzi m'thankimo yatsekeka ndi mizu ya mango. Vuto linali lakuti amene anamanga anaika chivundikiro mbali ina, paipi mbali ina, choncho munthu anayenera kulowa mkati. Galimoto yopopa zimbudzi sikanafika, chifukwa kwathu kumafika njira ya miyendo yokha.

Atatchula mtengo ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Unali woposa theka la malipiro anga a pamwezi.

"Ntchito ya masiku angati imeneyo?" ndinafunsa.

"Atatu, madamu. Loyamba tikapa ndi ndowa. Lachiwiri tilisiya lotsegula kuti lipume. Lachitatu ndilowa."

"Nanga lachiwirilo inu muzidzatani?"

"Kudikira, amama."

"Ndiye ndikulipireni chifukwa chodikira?"

"Muli gasi mmenemo. Munthu salowa tsiku lomwelo yayi."

Pamenepo m'pamene ndinapsa mtima, ndipo ine ndikapsa mtima pakamwa sipatsekeka. Ndinamuuza zaka zimene ndakhala ndikuima pamaso pa ana oposa zana m'kalasi imodzi, mawu mpaka kusasa. Ndinamuuza za namwino wa kutchalitchi kwathu amene amagwira magazi a anthu tsiku ndi tsiku koma mwezi ukafika pakati ndiwo zake ndi chigwada chokha. Ndinamufunsa kuti sukulu analekezera pati. Anayankha mosachita manyazi kuti Fomu 2. Ndinati ndiye dziko lapita kuti, munthu wa Fomu 2 kupeza m'masiku atatu zimene mphunzitsi amavutikira milungu iwiri ndi theka, tsiku limodzi mwa atatuwo atangokhala pansi pa mtengo.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anabwezera chivundikiro pamalo pake.

"Madamu, malipiro anu sindinakonze ndine. Kafunseni amene anakulembani ntchito. Ine ndikudziwa za dzenje ili basi."

Anatsika chitunda, nsapato zake zili zoyera ngati mmene anabwerera.

Kusukulu ndinafotokozera anzanga nthawi yopuma, ndipo onse anali mbali yanga. Wina anati mapulambala anawonongedwa ndi maloji, kumene azungu amalipira osafunsa. Wina anati za gasizo ndi zoopsezera, monga amachitira amakaniko kuti usatsegule wekha injini. Wina anaseka n'kunena kuti tonse tinalakwitsa njira, tikanangogula sipanala. Ndinabwerera kunyumba nditakhuta mawu a anzanga, koma apongozi anali atasiyanso phala lawo.

Mkazi wa bambo womira uja amagulitsa chinangwa pamsika, ndipo kumeneko ndi kumene ndinadandaulanso mokweza, monga mwa chizolowezi changa. Mawa lake masana mwamuna wake anafika pakhomo panga. Unali mwezi wovuta kunyanja, maukonde ochepa, ndipo palibe amene anamuitana kwa milungu ingapo. Anakhala pa khonde, chipewa chili pa bondo.

"Ama, ndamva kuti muli ndi suzgo, chimbudzi chavuta. Dzenje lanulo ndi lalitali bwanji?"

Ndinamuonetsa. Anapisa nsungwi ija, anaiyeza ndi mkono wake, n'kuseka.

"Ka dzenje aka? Ine ndimatsika mikono khumi ndi iwiri pansi pa nyanja."

Ndinamuuza za gasi. Izi ndiyenera kuzinena, chifukwa ndinamuuzadi. Koma ndinamuuza moseka, ndikutengera kalankhulidwe ka pulambala uja, kuti nayenso aseke.

"Iyeyo akuopa chifukwa akalowa ayenera kupuma," anatero. "Ine sindipuma. Ndikokera mpweya kunja kuno, nditsika, ndidula mizu, ndikwera. Gasiyo alowera pati?"

Zinandimvekera zanzeru. Ine amene ndimaphunzitsa ana za mpweya ndi mapapo, ndinagwedeza mutu n'kuvomera. Mtengo umene anatchula unali wochepa moti ndikanangolipira osayankhula, koma mkangano wa pulambala unali udakali pakhosi panga, ndipo ndinanenerera. Anatsitsa. Ndinasangalala kuti ndapeza munthu wosadyera anzake masuku pamutu.

Anabwera Loweruka m'mawa ndi mkazi wake, ndowa ziwiri, chingwe, chikwanje ndi makwerero obwereka. Anabweretsanso magalasi ake omirira, akale, lamba wake wa mphira ya njinga. Anakumba dzenje lotayiramo zonyansazo m'munda wa chinangwa kumunsi, ndipo anayamba kukapa. Iye ankatunga ndi chingwe, mkazi wake ankasenza kukataya. Anathira parafini pang'ono kuti fungo lichepe, koma silinachepe. Pofika masana zotsala m'thankimo zinali zolekeza m'mawondo. Ndikanakonda kulemba kuti ndinamuuza adikire mpaka mawa. Sindinatero. Ndikukumbukira bwino kuti ndinaganizira za tsiku lachiwiri la pulambala lija, n'kudziyamikira mumtima kuti ndalipulumutsa.

Mkazi wake anamuuza kuti amange chingwe m'chiuno.

"Ndine mbuzi ine?" anatero, akuvala magalasi.

Anakhala m'mphepete mwa thanki, anapuma mozama kangapo, mapewa akukwera ndi kutsika, ndipo analowa. Tinamva chikwanje chikugunda. Patapita kanthawi anatuluka ndi mizu yodzaza dzanja, yakuda, yolukana ngati tsitsi losapesa. Anaiponya pansi, anapuma, n'kunena kuti kunyanja kuli bwino chifukwa nsomba zimakupatsa moni. Tinaseka tonse, ngakhale apongozi, amene ndinawakhazika pa zenera kuti aone kuti mavuto awo akutha. Anatsika kachiwiri, anatuluka. Anatsika kachitatu, anatuluka, koma maso ali ofiira, ndipo anati mutu ukumuwawa pang'ono. Anati watsala muzu umodzi waukulu, ukangochoka basi.

Ndinalowa m'khitchini kukamuthirira tiyi. Nditatuluka ndi kapu m'manja anali atalowa kale kachinayi. Chikwanje chinagunda nthawi yaitali kuposa maulendo ena aja. Ndikuganiza kuti muzuwo unali pafupi kuduka, ndipo sanafune kuusiya. Kenako tinamva kutsokomola kamodzi, ndi phokoso ngati thumba la chimanga lagwera m'matope. Chikwanje sichinamvekenso.

Mkazi wake anaitana dzina lake kawiri. Kachitatu phazi lake linali kale pa makwerero. Sindidziwa chimene chinandigwira, mwina mawu a pulambala aja ndi pamene anandifika m'mutu, koma ndinaponya kapu n'kumugwira m'chiuno. Anandimenya, anandiluma pamkono, chipsera chake ndili nacho. Ndinakuwa mmene sindinakuwirepo ngakhale pa maliro a amuna anga. Amisiri atatu amene ankamanga nyumba kumtunda kwathu anathamanga. Mmodzi anasuzumira m'dzenjemo n'kubwerera akusanza. Wina anapinda chitsulo chomangira ngati ngowe, anagona chamimba, anatseka mphuno ndi malaya, n'kuyamba kufufuza mumdimamo mpaka anakola lamba wa kabudula. Anamukoka atatu, mutu ukulendewera, nkhope yonse ndi m'kamwa muli zonyansa. Magalasi anali adakali kumaso.

Ankapuma, koma mokoka ngati munthu wotsamwa. Tinamutsuka kumaso ndi madzi a mumgolo, tinazula chitseko cha khitchini n'kumugonekapo. Njira inali yoterera, ndipo amisiriwo anagwa naye kamodzi asanafike kumsewu. Galimoto yoyamba imene tinaimitsa, woyendetsa atamva fungo anapitirira. Yachiwiri inatitenga. Ulendo wonse mkazi wake anagwira mutu wa mwamuna wake pamiyendo, osandiyang'ana.

Anagona m'chipatala milungu itatu. Anatiuza kuti zonyansa zinalowa m'mapapo, ndipo masiku oyamba sankadziwa ngati adzuka. Ndinkapita ndi chakudya ndikaweruka. Mkazi wake ankalandira ndi manja awiri, ankathokoza kuti "yewo, ama," n'kuika pansi pa bedi. Sanandinene, ndipo palibe wina aliyense amene anandinena. Kutchalitchi anthu ankandipatsa moni ngati kale, ena n'kumandipepesa kuti ngozi yagwera pakhomo panga. Pamsika kunamveka zoti asodzi ansanje anamuchita chipongwe, poti munthu womira ngati iyeyo sangagonje ndi dzenje la chimbudzi. Ndinazimva zimenezo, ndipo sindinatsutse. Ndikanakonda wina akanandilalatira, chifukwa kulalatirana ndimakutha.

Chimbudzi chinali chidakali chotseka, ndipo apongozi anali ataonda mpaka mphete yawo kuvuka. Ndinaimbira pulambala. Ndinakonzekera kuti anyada, koma anangofunsa kuti abwere liti. Atayang'ana m'thankimo anati chikwanje chinaswa paipi, choncho mtengo wakwera. Ndinavomera osanenerera.

Tsiku loyamba anakapa madzi amene anali atadzazanso. Tsiku lachiwiri lija ndinapempha kusukulu kuti ndikhale pakhomo, ndione chimene ndikulipira. Anabwera ndi amuna awiri. Anamanga nthambi ya masamba ambiri ku chingwe, n'kumaitsitsa ndi kuikweza m'dzenjemo kuti mpweya woipa utuluke. Akatopa ankakhala pansi pa mango, iye akuseweretsa foni, anzakewo akukamba za mpira. Patapita nthawi ankadzukanso n'kukoka nthambi ija. Tsiku lonse linatha choncho. Kunena zoona zinkaoneka ngati ulesi, ndipo ngakhale ndinali nditaona zimene ndinaona, mtima wanga unkawirabe powayang'ana.

Tsiku lachitatu anatsitsa koloboyi woyaka pa chingwe mpaka pansi, n'kudikira. Motowo sunazime. Pamenepo m'pamene anavula nsapato zake zija, anavala majombo, anamanga chingwe m'chiuno, amuna awiriwo atachigwira. Sipanathe ola limodzi. Anatuluka, anasamba ndi sopo wanga, anandiuza kuti ndikathire madzi. Madzi anapita.

Polandira ndalama anafunsa za mnansi wanga uja kuti, "Ada aja akupeza bwanji?"

Ndinati akuchira pang'onopang'ono.

"Kodi za gasi simunawauze?"

"Ndinawauza."

Anapinda ndalamazo n'kuika m'thumba. Sanafunse kuti ndinawauza motani, ndipo ine sindinafotokoze.

Anzanga kusukulu amandifunsabe ngati tsopano ndikuvomera kuti mtengo wa pulambala unali woyenera. Amafuna ndinene kuti inde, nkhani ithe bwino. Sinditha. Namwino amene ankapopa zonyansa m'chifuwa cha mnansi wanga, n'kumamutembenuza pabedi milungu itatu, analandira pa milungu itatuyo ndalama zosasiyana kwenikweni ndi zimene pulambala anatenga kwa ine m'masiku atatu. Zimenezo sizinandilowebe m'mutu, ndipo ndikaona malipiro anga pakutha pa mwezi ndimakwiya ngati kale. Pulambalayo sindimukonda. Tikakumana pamsika timapatsana moni wouma. Koma iye ankadziwa chinthu chimodzi chimene ine ndi satifiketi yanga sindinkachidziwa, ndipo anandiuza poyera, kwaulere, tsiku loyamba lomwelo. Mkwiyo wanga unali ndi eni ake, anthu a m'maofesi amene sindinawaonepo nkhope. Poti iwowo sindikanawafika, ndinautula pa munthu amene anali ndi njala kuposa ine.

Apongozi anayambanso kudya. Anakhala nafe chaka china chathunthu asanatisiye, ndipo sanagwirenso ndowa. Izinso n'zoona, ndipo sindidziwa kuti ndiziike mbali iti.

Mvula itatha, fumbi litayamba, ndinamva kuti mnansi wanga anayesa kubwerera kunyanja. Ukonde unakodwa chakufupi ndi Mwaya, ndipo eni ake anamutenga chifukwa cha ulemu wakale. Anatsika, koma anthu asanawerenge mpaka khumi anatulukira akutsokomola, n'kugwira m'mphepete mwa bwato. Anayesa kachiwiri, zomwezo. Ukondewo anachita kuudula. Kuyambira pamenepo palibe anamuitananso.

Tsiku lina Lamlungu masana, nditabwera kutchalitchi, ndinamuona akukwera chitunda chathu. Anaima kanayi panjira, dzanja lili pa bondo. Ndinaganiza kuti tsiku lija lafika, wabwera kudzandiuza zimene ndinamuchita, ndipo mwa njira ina ndinamva kupepuka. Ndinamuikira mpando. Anadikira kuti mpweya ubwerere, kenako anatulutsa pepala lopinda m'thumba la malaya, loyera, logula kumene.

"Ama, pepani kukuvutitsani pa Sabata. Ku loji ina ku Chikale akufuna mlonda. Akuti kalata ikhale ya Chingerezi."

Ndinatenga cholembera changa chabwino, chimene ndimalembera malipoti a ana. Ndinamufunsa zaka zake, mudzi wake, ntchito imene ankagwira. Anayankha zonse bwinobwino. Nditafika kumapeto anasendera pafupi n'kutsitsa mawu.

"Mulembenso kuti ndine munthu wamphamvu. Kuti sindidwaladwala."

Chifuwa chake chinkalira ngakhale atangokhala. Ndinalemba kuti ndi munthu wamphamvu ndi wathanzi labwino, ndipo ndinasaina pansi pake monga mboni, dzina langa ndi udindo wanga. Ndinamuwerengera, ndikumasulira mzere uliwonse. Anagwedeza mutu, anaipinda mosamala n'kuibwezera m'thumba.

Ndinkafuna kunena kanthu. Ndinali nditakonza mawu miyezi yonseyo, koma ine wa pakamwa posatsekeka ndinangokhala, cholembera chili m'manja. Iye anaimirira, anavala chipewa, n'kupisa dzanja m'thumba la buluku.

"Yewo chomene, ama," anatero. "Ndiye kalatayi ndi zingati?"